Bandulo ya tsiku limodzi ndi ng'ombe ya alamu anga

Lolemba lapitali, ndisanamalize kumwa tiyi, alamu anga a Mbewe anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango pakhomo pathu, pano pa boma. A Mbewe ndi achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga. Amalima chimanga ndi nsawa ku Mlolo, ndipo nyengo ino ya mvula sachoka kumunda popanda chifukwa.

"Kwagwanji, alamu?" ndinafunsa.

"Kulibe maliro," anatero. "Ndibwerekeniko foni yanu."

Foni yawo ndimaiona m'thumba la malaya. Ndi yabwinobwino, yopalasa ndi chala, anawagulira mwana wawo amene amagwira ntchito ku Lusaka. Sinali yakufa, ndipo moto unalimo. Chimene chinatha ndi bandulo ya intaneti.

Anafotokoza akupukuta thukuta. Ali ndi ng'ombe ziwiri zolimira. Lachisanu imodzi inasiya kudya, kunsi kwa khutu kunatupa, maso akungotuluka misozi. Anaimbira dokotala wa ziweto. Dokotalayo anati njinga yake yamoto yawonongeka, sangafike msanga, koma amutumizire kanema wa ng'ombeyo kuti aone mmene ikupumira, ndipo adzawauza mankhwala oti agule.

Loweruka m'mawa alamu anagula bandulo ya tsiku limodzi, yaing'ono ija, poti ndiyo thumba linalola. Anajambula ng'ombe, n'kupita pa chulu cha kuseri kwa sukulu pamene anthu a m'mudzimo amakapezera netiweki. Tsikulo netiweki inali yofooka. Kanema anangozungulira, kuzungulira, osapita. Dzuwa litakwera anatsika, poti kumunda nako kunkawadikira.

Lamulungu atachoka ku tchalitchi anakweranso pachulu. Netiweki inali yodzaza, koma bandulo inali itafa. Sanaigwiritse ntchito, komabe tsiku lake linali litakwana.

Anagula ina, yotchipa koposa, ija imene imangotsegula macheza. Apo kanema anapita. Dokotala anayankha mwachidule kuti ndi matenda a nkhupakupa, asachedwe, ndipo anatumiza malo oti adinepo kuti aone botolo la mankhwala ndi muyezo wobayira malinga ndi kukula kwa ng'ombe. Alamu anadina. Silinatseguke tsambalo, chifukwa bandulo ya macheza sidutsa kunja kwa macheza. Anadinanso. Ulendo uno foni inayamba kudya tokotaimu imene anasungira kuimbira, mpaka inatha. Tsopano sakanatha kuona tsamba, sakanathanso kuimba. Uthenga anaulemba, koma dokotala sanauwerenge tsikulo.

Ndiye chifukwa chake anapalasa njinga mpaka pa boma.

Ndinawalumikiza ku foni yanga, tsamba linatseguka nthawi yomweyo. Alamu anayang'ana botolo lija pa galasi, kenako anayang'ana ine.

"Basi ndi zimenezi?" anafunsa.

"Ndi zimenezi."

Tinapita limodzi kusitolo ya mankhwala a ziweto, anagula, n'kubwerera ku Mlolo osadikira chakudya chamasana.

Ine ndimalandira malipiro pa mapeto pa mwezi, choncho ndimagula bandulo ya mwezi. Sindiiganizira n'komwe. Ndimawerenga nkhani, ndimaonera mpira, ndimatsegula makanema a anthu amene sindikuwadziwa akuvina pa maukwati a anthu amene sindikuwadziwanso. Mwezi ukatha nthawi zina imatsalako.

Mukakhala pansi n'kuyerekeza mitengo, mupeza kuti ine ndimalipira zochepa pa megabaiti iliyonse kuposa alamu. Wogula zambiri nthawi imodzi amatsitsiridwa. Wogula pang'onopang'ono amalipira mtengo wokwera, ndipo amalipira kawirikawiri. Ndiye kuti pa anthu awirife, amene thumba lake ndi lopepuka ndiye amagula intaneti yodula.

Izi si zachilendo. Pamsika wathu uno, amene sangakwanitse thumba lathunthu la ufa amagula ka pamela, kapepala kaufa kongokwana mphika umodzi, ndipo pomatha mwezi walipira zambiri kuposa wogula thumba. Mafuta ophikira ndi chimodzimodzi, sopo wodula zidutswa ndi chimodzimodzi. Koma pali kusiyana. Ka pamela mukakasiya pa shelefu lero, mawa mukapeza pomwepo. Palibe wogulitsa amene amabwera kudzatenga ufa wotsala ati tsiku lake lakwana.

Bandulo amadzaitenga.

Ndiye pali makwerero enawa: ya tsiku, ya sabata, ya mwezi, ya macheza okha, ya usiku yokha. Ya usiku ndi yotchipa, inde. Koma mlimi amene ayenera kumanga ng'ombe pa goli kusanache adzakhala maso pakati pa usiku, pamwamba pa chulu, kuti apindule nayo? Anaipangira ndani?

Popita kusitolo kuja tinaima pa buthi ya mayi wina amene amagulitsa tokotaimu, kuti alamu aikemo pang'ono ya panjira. Mayiyo atamva nkhaniyo anawalangiza ndi mtima wabwino.

"Abambo, muzigula ya mwezi. Ndiyo yotchipa."

"Ndikudziwa, amayi," anayankha alamu. "Koma ine mwezi wanga umabwera kamodzi pa chaka, ndikagulitsa nsawa."

Mayiyo anaseka pang'ono, n'kuwapatsa ya tsiku.

Makampani a mafoni ali ndi mbali yawo, ndipo ndi bwino kuimva. Nsanja za netiweki sizimera zokha ngati bowa. Zimafuna magetsi, mafuta a injini, alonda, misonkho. Angathenso kunena kuti bandulo yaing'ono ndiyo imalola munthu wa kandalama kochepa kulowako, kuti pakanakhala ya mwezi yokha anthu ambiri a ku Mlolo ndi ku Pembamoyo sakanagwirako n'komwe. Pamenepo sakunama.

Chimene sindinamvepo yankho lake ndi ichi: kampani imataya chiyani ikalola mamegabaiti a alamu a Loweruka kufika Lamulungu? Ndalama analipira kale. Netiweki ndiyo inalephera tsikulo, osati iwo.

Palinso nkhani ya muyezo. Mukagula chimanga pa chitini, mumaona ndi maso kuti chadzaza kapena ayi. Megabaiti ndani anaionapo? Alamu anandifunsa kuti kanema wa ng'ombe amadya angati, koma inenso sindikudziwa. Mndandanda wa mabandulo umabwera m'Chingerezi, manambala okhaokha, ndipo munthu amasankha ataima pamsika, dzuwa likumuwomba pa galasi. Foni nayo ili ndi njala yake: mukangoyatsa data, imayamba kudzikonza yokha, kutsitsa zithunzi za m'magulu onse amene anakuikanimo, musanachite chimene munagulira bandulo.

Mapeto ake anthu aphunzira kuzimitsa. Yendani m'midzi yathu muone: mafoni amakono ali m'manja mwa anthu ambiri, koma data ndi yozima. Amayatsa kanthawi, n'kuzimitsanso msanga ngati akusunga parafini. Uthenga wa maliro umafika mwambo utatha. Wogula nsawa amalengeza m'gulu kuti galimoto ifika mawa, ndipo ena amauona galimoto itapita kale.

Izi zikuchitika pamene zinthu zambiri zikusamukira pa foni. Zotsatira za mayeso, mafomu a ntchito, malangizo a ulimi, zonse akuti onani pa intaneti. Ozilemba amakhala mu ofesi, intaneti yawo siizima, ndipo akatumiza amaona ngati uthenga wafika kwa onse. Sindikuganiza kuti dokotala uja anadziwa kuti tsamba limene anatumiza silingatseguke pa foni ya alamu. Iye pa foni yake linatseguka.

Lachinayi masana foni yanga inalira kamodzi n'kudula. Ndi mmene alamu amachitira akafuna kuti ndiwaimbire. Ndinaimba.

"Yapita, alamu," anatero. "Dzulo madzulo. Ndinaibaya, koma inali itagona kale."

Ndinafunsa za munda. Anati ng'ombe imodzi siikoka khasu yokha, ndiye akambirana ndi mnansi wawo amene nayenso ali ndi imodzi kuti aziphatikiza, tsiku lina kwa uyu, tsiku lina kwa uyo. Gawo la nsawa mwina achepetsa chaka chino. Ananena zonsezi mosakweza mawu, ngati akunena za mvula. Kenako anati ndidule, ndisamalize tokotaimu yanga.

Sindikunena kuti bandulo ndiyo inapha ng'ombe. Matenda a nkhupakupa amapha ngakhale mankhwala atafika msanga, ndipo njinga ya dokotala ili ndi mlandu wake. Mwina ikanafabe. Palibe amene angadziwe tsopano.

Chimene ndikudziwa ndi chakuti alamu analipira kawiri m'masiku awiri, ndipo kawiri konse chimene anagula sichinawafikitse pomwe ankafuna. Ine ndinalipira kamodzi, motchipa, ndipo zanga zinagwira ntchito popanda kuziganizira. Palibe lamulo limene linaswedwa. Mitengo inali yolembedwa poyera, aliyense anasankha yekha.

Inu amene mukuwerenga izi pa foni mosayang'ana kuti zatsala zingati, mukamalemba uthenga wofunika n'kudina kuti upite kumudzi, kodi munafunsapo kuti wolandirayo adzataya chiyani kuti autsegule?