Ngolo ya ku Malambo

Fungo la girizi pagalaja ku Katete lero landikumbutsa atate akupaka mawilo a ngolo yathu yaikulu ku Sinda. Ankakonza ulendo wa ku Malambo, kuchigwa cha Luangwa kosungirako nyama, kukatenga mlongo wawo amene ankadwala mwakayakaya.

"Kumeneko kuli kashembe, abambo," anatero amayi. "Akaluma ng'ombe sizichira. Tidzalimira chiyani?"

"Ng'ombezi anatipatsa ndi Ambuye. Mlongo wanganso ndi wa Ambuye yemweyo. Ndimusiye akafere kwa eni?"

Tinagwada pafumbi, atate n'kuyamba kupemphera. Ine ndinatsegula maso pang'ono. Amayi sanali nafe. Anali kukhola, akusisita ng'ombe zathu ziwiri zija pamphumi, kuzitsanzika zikadali zamoyo.