Kabotolo m'Chitenje Chonyowa

Ndinanyamuka pa Chinyunyu dzuwa lisanakwere, nditanyamula kadengu ndi chidutswa cha chitenje. Kunyumba ndinasiya nkhuku zisanu ndi imodzi, chuma changa chonse chisiyireni sukulu mu giredi naini. Chideru chinali chitafika kale m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo nthenda imeneyi ikalowa m'khola imasiya nthenga zokha. Katemera wake anali ku Rufunsa.

Ba Esinati, oyandikana nafe, ankasesa pakhomo. "Iwe Nelia, anzako akwera basi kupita ku koleji, iwe ukwerera nkhuku?"

"Nkhuku sizifunsa satifiketi," ndinayankha osaima.

Minibasi yochokera ku Lusaka inandidya K60. Inkaima paliponse pamene panali munthu, thumba la makala kapena mbuzi yoyang'ana kumsewu. Ndinatsika ku Rufunsa cha m'ma teni, miyendo itachita dzanzi.

Ku ofesi ya za ziweto ndinapeza amayi ena ochokera ku Lusaka, nsapato zawo zisanazolowere fumbi lathu. Anatulutsa mufiriji kabotolo kochepa ngati chala.

"Dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse," anatero. "Yodwala kale usaivutitse. Uli nazo zingati?"

"Sikisi."

Anaseka. "Aka kakwanira mudzi wonse, manje ukakatsegula sikakhalitsa. Ukadonthezere na za maneba."

"Maneba anga ali ndi pakamwa pakulu, azibwera okha."

"Nkhuku zako sizikumana ndi zawo kudzala?"

Tambala wa ba Esinati amakhala kwathu kuposa kwawo.

Amayi aja ananyowetsa chitenje changa, n'kukulungamo kabotolo. "Nsaluyi isaume. Kakatentha, ndiye kuti wanyamula madzi chabe."

Pamsika ndinagula vitumbuwa viwiri, ndikudya nditabisa dengu pamthunzi wa thupi langa. Minibasi yobwerera inadzaza dzuwa lili paliwombo. Kondakitala anandiloza kampando ka kumbuyo kwa dalaivala, paja pamene injini imawotcha munthu ngati mbatata.

"Apo sindikhala."

"Ba sisi, mwanyamula mazira a mfumu?"

"Ndanyamula chinthu chimene iwe sungachimvetse."

Anandikankhira kumbuyo akuseka, pafupi ndi mkulu wina wofungatira tayala la njinga. Mphepo yolowera pawindo inali yotentha ngati ya m'ng'anjo. Tisanafike theka la njira, ndinagwira chitenje n'kupeza chikuuma, ndipo madzi ndinali nditaiwala kugula. Ndinadzitukwana chamumtima. Masamu anandikanika kusukulu, lero ndikanikenso ndi nsalu?

Mkulu uja anasuzumira m'dengu. "Mwanawe, muli chiyani umo, wagwiragwiramo kasanu?"

Ndinawauza. Anasolola kabotolo ka madzi m'jekete. "Ine chideru chinandisiyira khola lopanda kanthu chaka chatha. Ndinazimwetsa tsabola, phulusa, zonse. Thira apa."

"Nanga inu mumwa chiyani?"

"Ndine wamkulu, ndidzamwa kunyumba. Koma ndimakhala kuseri kwa akasupe otentha, panyumba ya mitengo ya mango iwiri. Zatsopano ndili nazo zinayi. Dzina ndine Lazalo."

Kulandira madzi a munthu kuli ndi mtengo wake. Ndinavomera kukadonthezeranso nkhuku zawo. Pamene tinkatsika pa Chinyunyu, ba Lazalo milomo inali itauma, chitenje chikudontha.

Madzulo nkhuku zikulowa, ndinagwira zanga imodziimodzi. Dontho likagwa, nkhuku imaphethira n'kumeza, kenako imakuyang'ana ngati waitukwana. Kabotolo kanali kasanachepe n'komwe. Ndinapita nako kwa ba Esinati.

"Tulutsani tambala wanu, wakuba uja."

"Ndalama zingati?"

"Gwirani mutu bwino, basi."

Anamugwira, akundiyang'ana cham'mbali. Nditamaliza, anaitana kunyumba inayo: "Amake Joyi, bweretsani zanu, ba dokotala afika!" Sindinadziwe ngati akunyoza, ndipo sindinafunse. M'mawa mwake ndinapita kwa ba Lazalo.

Chideru chinadutsa patatha mwezi, n'kusesa makola a anthu amene anakana. Zanga zilipo zonse, ina ikufungatira mazira. Ndinkafuna nkhuku kuti ndisadalirenso munthu, koma nkhuku ya kumudzi siidziwa malire. Ukafuna kuti yako ikhale moyo, umayamba watemera ya munthu amene umadana naye.