Makwerero a Bambo

Bambo anga ndi wopenta nyumba. Zaka makumi atatu akhala pa makwerero osaterereka ngakhale kamodzi, koma anakagwera m'bafa akutsuka mano. Anati khoma likuthamanga. Adokotala anati vuto lili mkati mwa khutu, mmene muli kachiwalo kothandiza munthu kuima osadzandira.

Amayi anawakhazika pampando, pilo uku, pilo uku, n'kulamula kuti mutu usagwedezeke. Wofuna kulankhula nawo ankaima kutsogolo kwenikweni. Alendo ankachita kufola mzere ngati kuchipatala. Makwerero amayi anawamanga ndi tcheni, n'kulengeza kuti mwezi ukatha bambo asanachire, awapereka kwa amalume, amene anali atayamba kale kuwasisita.

Patatha milungu itatu, bambo anali atanenepa masaya, chizungulire chili pomwepo. Ine mtima unkandiwawa ndikawapeza akuyang'ana makwererowo pawindo ndi diso la pambali.

Titabwerera kuchipatala, mayi wophunzitsa odwala kuyenda anamvetsera zonse, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mayi, mukuwapha ndi chikondi! Ubongo umazolowera munthu akamayenda, akamatembenuka. Chizungulirecho achimve pang'ono pang'ono, chidzatopa chokha. Mantha ndi mpando ndiye zikuwachedwetsa."

Amayi sadziwa kuchita chinthu mwatheka. Tsiku lomwelo mapilo anasowa. Shuga anakwera pashelefu ya pamwamba, rimoti inatsikira pansi pa tebulo. Ankawaitana ali kukhitchini, bambo akatembenuka, iwo azungulira kale ali pakhomo.

"Apenta! Ndili kuno!"

"Mkazi iwe, ufuna undiphe?"

"Adokotala anena. Tembenukani!"

Bambo ankayenda m'khonde ngati woledzera, akutukwana khoma, ife tikuwerenga mapazi mokuwa. Masiku ena ankasanza. M'mawa mwake shuga anali pamwamba pomwe paja.

Mwezi utatha amalume anafika ndi galimoto yobwereka. Bambo anapempha kiyi wa tcheni. Anaimika makwerero pakhoma la kumaso, burashi m'thumba, n'kukwera. Sitepe yoyamba. Yachiwiri. Pa yachisanu anaima, natembenuza mutu uku ndi uku monyada, ine ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Amayi anali atagwira makwererowo ndi manja onse awiri, maso ali chitsinzire.

"Tsegula maso undione, mkazi wanga!"

"Sindingathe," anatero amayi. "Ndikumva chizungulire."