M'kabati ya Mayi Miriamu

Fungo la mankhwala a njenjete m'sitolo ya kaunjika ku Lafayette Road landikumbutsa Mayi Miriamu, Myuda wokalamba amene amayi anga ankawasamalira mumzinda wa South Bend. Tsiku lina ndikusewera ndinabisala m'kabati yawo, pakati pa majasi oyabwa. Mayi Miriamu anatsegula chitseko n'kundipeza.

"Nanenso ndinabisala chonchi pa nkhondo," anatero. "Mlimi wina anatibisa kuti asilikali a ku Jeremani asatipeze, ine m'kabati, mng'ono wanga kudenga."

Ndinkayesa akunena chibisalirano. "Ndiye munawina, agogo?"

"Ine ndinawina. Mng'ono wanga anatsokomola."

Ndinaseka kwambiri, iwo n'kungondisisita mutu.

Ndinadzamva ndili wamkulu kuti mwanayo anaphedwa limodzi ndi mlimi uja, koma oti ndikawapepese anali atamwalira kale.