Phazi Limene Tonse Tinkakoka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinatsala pang'ono kusiya karate chifukwa cha phazi langa lamanzere. Tinkaphunzira mu holo ya tchalitchi ku Thamesmead, kudziko la azungu kumene tinkakhala, momwe munkamveka fungo la thukuta ndi mankhwala okolopera. Aphunzitsi athu, mzungu wadazi amene tinkawaitana kuti a Sensei, anakaphunzira ku Japan ali mnyamata, ndipo pa zimene anabwera nazo sankalola munthu kusintha ngakhale kachala.

Pa kata ina, mayendedwe amene umachita wekha ngati ukumenyana ndi adani osaoneka, aliyense potembenuka ankakoka phazi lamanzere pansi. Langa linali la makani. Linkangonyamuka lokha n'kuponda mwamphamvu, ndipo a Sensei anandilepheretsa mayeso a lamba wabulauni kawiri konse.

Amayi zinawakwana. "Iwe Tamanda, ukalepheranso grading imeneyi, basi, ukulowa choir." Ine poimba ndimamveka ngati chule, choncho ndinachita mantha zenizeni.

Pa mayeso otsatira, amene anadzatiyesa anali mkulu wochokera ku Japan, yemweyo amene anaphunzitsa a Sensei. Anali wamfupi, waimvi, ndipo anakhala pampando osaphethira. Ndinayamba bwino. Pofika potembenukira paja, phazi lija linandichita chipongwe monga mwa masiku onse. Misozi inayamba kulengeza.

Mkuluyo anauza anzanga kuti achite malo omwewo. Onse anakoka phazi. Anauza a Sensei, nawonso anakoka mwaluso lawo lonse. Apo mkulu uja anaphulika kuseka mpaka kutsokomola, kenako anapinda thalauzi n'kutionetsa chipsera chachikulu pabondo lamanzere.

"Chaka chimene unabwera kwa ine ndinali nditagwa panjinga yamoto," anauza a Sensei m'Chingerezi chake chodukaduka. "Waphunzitsa ana onsewa kutsimphina kwanga. Mtsikanayu yekha ndiye akuponda ngati aphunzitsi anga."

Nkhope ya a Sensei inafiira mpaka padazi. Ndinkayembekezera kuti akwiya, koma anawerama kwa mkuluyo, anandiimika kutsogolo, iwo n'kukalowa pamzere pakati pa ana. "Tionetse," anatero. Ndinaponda, holo yonse inaponda pambuyo panga, pansi mpaka kunjenjemera. Pakhomo, amayi ali m'yunifolomu yawo ya kuchipatala, analuluta osasamala za azungu. Ndinali ndisanakondwepo chotero m'moyo wanga, ndipo lamba ndinapita naye kunyumba.

Kwa nthawi yaitali ndinkayesa ngwazi ya tsikulo ndinali ine. Tsopano ndimaphunzitsa ana anga a karate, ndipo ndikudziwa kuti mwambo umayenda m'matupi a anthu, umanyamula nzeru zawo pamodzi ndi zipsera zawo. Ine ndinangopondapo mwamwayi. A Sensei anakoka phazi zaka zonsezo chifukwa chokonda mphunzitsi wawo, ndipo chifukwa cha chikondi chomwecho analinyamula tsiku lomwelo, ana onse akuona.