Zala za Mayi a Mabotolo

Ku labotale kuja onse ankangowatchula kuti Mayi a Mabotolo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ntchito yawo inali kutsuka mabotolo agalasi, kuwawiritsa mumphika waukulu wachitsulo wophera tizilombo, n'kuwandandalika pashelefu. M'zaka zonsezo anaswapo awiri okha.

Abwana awo anali Adokotala, mayi wamtali wosaseka wamba, amene ankafufuza za nyamakazi. Ankaweta mabakiteriya m'madzi achikasu, kenako n'kuwatenthetsa pang'ono kuti avutike koma asafe. Tizilomboto tikamva kutentha tinkapanga puloteni yodzitetezera, ndipo puloteniyo ankabaya nayo makoswe otupa miyendo. Ena kutupa kunkaphwa, ena kunkangoipiraipira. Chifukwa chake n'chimene Adokotala ankasakasaka.

Mayi a Mabotolo ankawamvera chisoni makoswewo kuposa wina aliyense, pakuti zala zawo zinali zitayamba zomwezo. M'mawa ankadzuka zitauma gwa, mfundo zake zitatupa, zikutentha. Ankaziviika m'madzi ofunda theka la ola, ndipo mabatani a bulauzi ankawamangira amuna awo, mkulu wokonza njinga.

"Mayi a mwana, kauzeni abwana anu," amunawo ankatero. "Mumagwira ntchito kwa akatswiri a nyamakazi, inu n'kumabisa nyamakazi. Mukudikira kuti mumere mchira kaye kuti akuoneni?"

"Sekani, bambo. Wotsuka magalasi wopanda zala angamusunge ndani?"

Kuntchito anayamba kuvala magolovesi aakulu, osawavula ngakhale pomwa tiyi.

Lachinayi lina m'mawa, mabakiteriya amene Adokotala anawalera masabata asanu ndi limodzi anali m'botolo limodzi lalikulu, lotseka ndi thonje, litakhala m'beseni la madzi otentha. Belu likalira, botololo linkayenera kulowa mu ayezi nthawi yomweyo. Belu linalira Adokotala ali pamakina, manja onse atagwira machubu.

"Mayi, nyamulani botololo, mu ayezi! Msanga!"

Kuchoka pabeseni kukafika pa ayezi panali masitepe khumi okha. Analigwira pakhosi ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kuchirikiza kunsi. Sitepe yachitatu, ululu unabaya m'dzanja lamanzere ngati msomali, zala n'kufooka. Botolo linapendekeka, madzi achikasu aja n'kukwera mpaka pafupi ndi thonje. Analikanikiza pachifuwa, chinthu choletsedwa m'chipinda chimenecho. Mtima unkagunda pagalasi penipeni. Anayenda chokwekwereza mapazi, maso ali pathonje, thukuta likulowa m'maso, mpaka analikhazika mu ayezi.

"Chabwino, lisiyeni," anatero Adokotala osacheuka.

Zala za dzanja lamanja zinakana kutambasuka. Zinangouma pakhosi pa botolo, ndipo akati akoke, botolo linkabwera nawo.

"Ndati lisiyeni, Mayi."

"Zikukanika, Adokotala."

Adokotala anaika machubu pansi n'kubwera. Anagwira botolo ndi dzanja limodzi, linalo n'kumamasula zala chimodzichimodzi. Mayi a Mabotolo analuma mlomo kuti asakuwe. Kenako Adokotala anawavula golovesi, n'kuyang'ana mfundo zotupazo nthawi yaitali.

"Zinayamba liti?"

"Chaka ndi theka chapitacho."

"Chaka ndi theka! Ine ndikuyeza miyendo ya makoswe tsiku ndi tsiku, inu muli kumbuyo kwangaku ndi manja otere?"

"Ndimaopa kutaya ntchito yanga." Anayang'ana kumene kunali makoswe. "Nanga mankhwala a makoswewo, simungandibayeko pang'ono?"

"Ayi. Asilikali a m'thupi mwanu asokonezeka, akumenya mfundo zanu zomwe. Puloteni iyi nthawi zina imawakhazika pansi, nthawi zina imawakolezera ukali. Sindinadziwebe chimene chimasiyanitsa. Pa munthu sindingayerekeze."

Adokotala anatenga pepala n'kuyamba kulemba mofulumira. Mayi a Mabotolo anaimirira pomwepo, akuganiza kuti ndi kalata yowachotsa ntchito. Anali atayamba kale kusinkhasinkha mmene akawauzire amuna awo.

"Iyi mukapereke kuchipatala lero lomwe, kwa dokotala wa mafupa," anatero Adokotala. "Mankhwala oyesedwa kale aliko. Ndipo pasinki paja musadzafikeponso."

"Ndiye kuti basi, ndatha?"

"Ndani wanena zimenezo? Ndikufuna munthu wondilembera kutentha kwa mabeseni ola lililonse. Amene ndinali naye amaiwala."

Mankhwala akuchipatala anachepetsa kutupa patatha miyezi itatu, ngakhale zala ziwiri za dzanja lamanja sizinawongokenso. Anagwirabe ntchito ku labotaleko zaka zina zinayi. Tsiku loyamba pantchito yatsopanoyo cholembera chinawagwa katatu. Anachikulunga ndi bandeji mpaka chinanenepa ngati mpini wa mpeni, ndipo nambala yoyamba imene analemba inatuluka yokhotakhota koma yowerengeka.