Mwezi Utapendekera pa Area 12

Ackson Chikaonda anabadwira pamalo pomwe lero pali nyumba za Area 12. Boma litayamba kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, mudzi wawo anausamutsira kutali, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Ackson anasiya mkazi wake Zelifa kumudzi watsopanowo, nabwerera kudzagwira ntchito ya m'maluwa kwa a Felton Msiska, a ku Rumphi, ogwira ntchito m'boma. Ine ndinali mlonda wa nyumba yoyandikana ndi ya a Msiska.

Mwezi uliwonse watsopano Ackson ankaima pampanda dzuwa litangolowa, n'kuyang'ana kumadzulo. Kwawo ankati mwezi ukakhala chagada ngati mbale, wasunga matenda. Ukapendekeka, ukuwakhuthulira pansi. Mwana wake woyamba anamwalira mwezi uli chopendekeka. Tsopano Zelifa anali ndi khanda lina, Efelo.

Tsiku lina m'dzinja ndinamuona atagwira khasu osalima. Mwezi unali utapendekeka.

Anapita kukhonde, navula chipewa.

"Bwana, ndipite kumudzi mawa. Ndikaone mwana."

"Wadwala?"

"Sindinamve. Koma taonani mweziwo."

A Msiska anatsika pakhonde n'kuyang'ana. Sanaseke.

"Ackson, mwezi ulibe kuwala kwake, umawala ndi dzuwa. Mbali yowalayo imaloza komwe dzuwa lalowera. Mwezi ukakhala pamwamba penipeni pa dzuwa, umaoneka ngati mbale. Ukakhala chapambali, umapendekeka. Nyengo ino umatero chaka chilichonse."

"Ana nawonso amafa nyengo ino chaka chilichonse, bwana."

"Amenewo ndi malungo. Udzudzu, osati mwezi."

Mayi Dinah, akazi awo, anatulukira pakhomo. Loweruka la mlungu womwewo kunkabwera akuluakulu a kuntchito kwa amuna awo kudzaona nyumba, ndipo bwalo linali matope okhaokha, kapinga asanadzalidwe.

"Ukapita, usabwerenso," anatero. "Sindikukuopseza ayi. Pageti paja m'mawa uliwonse pamaima anthu ofuna ntchito, iwenso umawaona."

Ankawaonadi. Ena anali a m'mudzi mwake.

Ackson anabwera kumpanda kwa ine.

"Achimwene, inu mukuti bwanji?"

"Mwana ndi wako," ndinatero. "Ntchitonso ndi yako."

Anayang'ananso kumadzulo, koma mwezi unali utalowa kale kuseri kwa mitengo.

M'mawa ndinapeza khasu lake litatsamira pageti, lotsuka bwino. Dzuwa lisanafike pamutu, mnyamata wina anali akudzala nalo kapinga.

Ackson anabwera patapita mlungu, mapazi atatupa. Sanagogode n'komwe kwa a Msiska. Anaima panja pa mpanda wanga.

"Mwana ali bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinam'peza akukwawa pabwalo, akudya dothi. Ngakhale chimfine analibe."

"Ndiye wataya ntchito pachabe."

"Ndinamuona," anatero.

Sanalembedwenso ntchito m'mayadi, pakuti mbiri yoti amathawa ntchito inali itafika kale kwa amayi a nyumba zina. Anatsikira ku Old Town, nayamba kugulitsa mbande za maluwa m'zitini pafupi ndi mlatho, mpaka msana unam'kana. A Msiska ankaima nthawi zina n'kugula, osanenerera mtengo.

Efelo anakula, pano ali ndi zidzukulu. Zoti dzuwa ndi limene limapendeketsa mwezi Ackson ankazifotokoza yekha kwa ogula, ndi manja, monga anamuuzira bwana uja. Komabe nyengo ya mvula ikafika, mwezi n'kupendekeka, ankakundika zitini zake n'kukwera basi ya kumudzi.